Nduna ndi Phala Lolenda

Kuseri kwa mapiri amene sanakweredwepo, poti komiti yoona zokwera mapiri sinakumanebe, kuli dziko lotchedwa Zilibwino. Dzinali silinabwere mwangozi. Mukafunsa munthu wa kumeneko za mvula, za msewu kapena za m'mimba mwake, yankho limakhala lomwelo, makamaka ngati wapolisi ali pafupi. Likulu lake ndi Ombanimmanja, ndipo pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Sindilakwa Yachitatu, munthu wathupi lake, wokonda kuseka ndi nyama yonona.

Nyama yononayo ndiyo inayambitsa zonse. Dokotala wa kunyumba yachifumu atapima mfumu anapukusa mutu nati mitsempha ya magazi yayamba kuthina, ndipo chofunika ndi mafuta ena ake otchedwa omega, amene amapezeka mu nsomba. Tsoka ilo nsomba ku Zilibwino kunalibe. Madamu a nsomba analipo ndithu, ndipo anatsegulidwa ndi magule, nthungululu ndi zolankhula zazitali. Chimene chinaiwalika ndi madzi.

Apa mpamene analowerapo a Gelevazio Nthondo, Nduna ya Zakudya ndi Kukhuta. A Nthondo anali atangofika kumene kuchokera ku msonkhano wa kunja, komwe anakagona mu hotela ndi kulandira alawansi monga mwa mwambo. Tsiku lotseka msonkhanowo wina anawapatsa kathumba ka tinjere tofiirira tonga chitowe, ndipo anakasunga kuti kakhale umboni woti anafikadi mu holo. Atamva za mitsempha ya mfumu anakumbukira zimene wowapatsayo ankanena iwo akuyang'ana chitseko.

"Mwini dziko," anatero a Nthondo atagwada pabwalo la nduna, "musavutike ndi nsomba. Iyi ndi mbewu ya fulakisi. Mafuta amene adokotala akunenawa ali m'kati mwa tinjere timeneti. Palibe ukonde, palibe bwato, khasu basi."

Mfumu inacheukira dokotala. Dokotala anavomera ndi mutu, akudabwa yekha kuti nduna yanena zoona.

Lamulo linatuluka dzuwa lisanapendeke. Khomo lililonse lilime fulakisi. Akacha asinjidwe, ndipo ufa wake uzilowa mu chakudya cha tsiku ndi tsiku: mu phala, mu zitumbuwa, mu chigumu, mu ndiwo zamasamba. Wayilesi inalengeza kuti Zilibwino likhala dziko loyamba pansi pano kukhala ndi mitsempha yotakasuka kuyambira mfumu mpaka wakuba nkhuku. A Nthondo anavekedwa mendulo yolemera mwakuti ankayenda atawerama pang'ono.

Ku msika waukulu wa Tinamvakale nkhaniyi inalandiridwa monga nkhani zonse za boma zimalandiridwira.

"Akuti tizidya mafuta a nsomba opanda nsomba," anatero Nasibeko, mayi wogulitsa phala pakhomo la msika, akutakasa mphika wake.

"Nanga chachilendo n'chiyani, mayi?" anayankha wakabaza wina akudikira mbale yake. "Si tili kale ndi mlatho wopanda mtsinje kuja? Boma lathuli limadziwa kuchotsa zosafunikira."

Komabe anthu analima, poti ku Zilibwino munthu amaseka lamulo khasu lili m'manja. Fulakisi anamera bwino m'madimba nyengo yozizira, nachita timaluwa tabuluu tokongola zedi. Vuto linali lakuti timaluwato timatseguka m'mawa n'kuyoyoka dzuwa likafika pamutu, pamene mfumu inkadzuka ena akutsuka kale mbale za nkhomaliro. Kangapo konse inapita kukaona minda n'kupeza timitengo tokhatokha. Nduna ya Malamulo inalemba chenjezo lakuti maluwa azidikira, koma maluwawo sanamvere, ndipo nkhaniyo inangosiyidwa mwaulemu.

Tsono chinachitika chinthu chimene chinali chisanachitikepo chikhalire ufumuwo: ndondomeko ya boma inayenda. Amayi anapeza kuti ufa wa fulakisi umakoma mofanako ndi nsinjiro, ndipo umagwira chigumu ngakhale dzira palibe. Nkhuku zotola tinjere pamtondo zinayamba kuikira mazira amene adokotala anati nawonso ali ndi omega. Okalamba amene ankatha m'mawa wonse kuchimbudzi anayamba kubwerako msanga, nkhope zitadzaza mtendere. Anthu anachita manyazi kuyamikira boma, poti analibe chizolowezi, koma phala la Nasibeko linkatha dzuwa lisanatenthe.

Mfumu itamva inasangalala nilamula kuti pakhale Tsiku Lolawa. Pa tsikulo mfumu ndi nduna zake zonse adzakhala pakati pa msika wa Tinamvakale n'kudya phala la fulakisi anthu akuona. Woyamba kunyamula supuni adzakhala mwini mbewu, a Gelevazio Nthondo.

A Nthondo anali atalankhula za fulakisi pawayilesi mpaka mawu kusasa, koma anali asanamulawepo. Nduna siidya ndondomeko zake. Choncho kutatsala masiku owerengeka anauza akazi awo, Nachisale, kuti awaphikire pang'ono kuti ayesere kumwetulira supuni ili m'kamwa. Nachisale anaphika monga momwe Nasibeko ankaphikira, ufa wa fulakisi wochuluka bwino, nabweretsa mbale patebulo. A Nthondo anaviika supuni, naikweza. Phala linakwera nayo supuniyo, litachita kaulusi kotalika, kosafuna kuduka.

Supuni inagwa pansi.

"Nachisale, ichi n'chiyani?"

"Phala lanu lija, bambo. Fulakisi akakumana ndi madzi amalenda. Dziko lonse likudziwa zimenezi, mwatsala inu eni ake."

"Amalenda ngati therere?"

"Mchimwene wake weniweni," anatero Nachisale, akutola supuni.

Kuti mumvetse thukuta limene linatuluka pa mphumi pa a Nthondo, muyenera kudziwa chinsinsi chawo. Zaka zambiri zapitazo, atangosankhidwa kukhala nduna, anapita kwa sing'anga wotchuka, a Gwiritsitsa a ku Musanenekunja, amene anawatemera mphini m'chiuno ndi m'matako momwe kuti mpando uwakakamire. Chizimba chake chinali chosavuta kukumbukira. Asadzadye chilichonse cholenda. Tsiku limene cholenda chidzatsike pakhosi pawo, mankhwala adzasukuluka, mpando n'kuwaterera. Chiyambire tsiku limenelo therere silinaphikidweponso pakhomo pawo, ndipo mpando unawagwiradi. Nduna zinzawo zina zinabwera n'kupita, njala inabwera n'kupita, iwo ali pompo. Tsopano akadya, mpando wapita. Akakana kudya pamaso pa mfumu chinthu chimene anabweretsa okha, mpando wapitanso. A Nthondo anachita mantha enieni, a mwana amene wamva galu kumbuyo.

Tsiku lomwelo anavala magalasi akuda ndi chipewa chachikulu, nauza dalaivala kuti awapititse ku Musanenekunja ndipo akaime patali. Pataliponso panali patadzaza kale. Kuseri kwa nsungwi kunali magalimoto akuda ndandanda, lililonse nambala yake itamatidwa matope. Pabenchi la odwala panakhala Nduna ya Malamulo, Nduna ya Misewu ndi Maenje, Nduna ya Zachitetezo ndi ena onse, aliyense ndi magalasi akuda ndi chipewa chachikulu. Aliyense mwa iwo zaka zonsezi ankayesa kuti wokhwima m'bwalo la mfumu ndi iye yekha.

"Aa, achimwene, nanunso mwabwera kudzayendera chitukuko?" inafunsa Nduna ya Malamulo.

"Eya, chitukuko," anayankha a Nthondo, nakhala kumapeto kwa benchi.

Nthawi yawo itakwana anapeza a Gwiritsitsa atakhala pamphasa, mbale ili pamiyendo, akudya phala la fulakisi mosangalala.

"Inu mukudya zimenezi?" anadabwa a Nthondo.

"Nanga ine ndili ndi mpando? Ine ndimakhala pansi, bwana, ndikaterera sindipita patali. Ndiponso maondo anga ayamba kumvera. Mbewu yabwino mwatibweretsera."

"Atate, musandiseke. Fulakisi si therere. Therere ndi la kuno, uyu ndi wochokera kunja. Mankhwala anu sangamudziwe."

A Gwiritsitsa anakweza supuni yawo m'mwamba, onse awiri nayang'ana kaulusi kaja kakutsika pang'onopang'ono.

"Mankhwala anga safunsa kwawo kwa chinthu," anatero sing'angayo. "Amangoona khalidwe."

"Chabwino, ndidye, kenako ndibwere mudzanditemerenso."

"Mankhwalawa sagwira kawiri thupi limodzi. Ndinakuuzani tsiku lomwe lija, koma munali kalikiliki kuyang'ana wotchi. Itanani wotsatira."

M'mawa mwake bwalo la nduna linakumana mwadzidzidzi, ndipo sindikhulupirira kuti linakambapo nkhani ina mwakhama chotere. Palibe amene anatchula mphini. Aliyense ankangodera nkhawa mtundu. Nduna ya Malamulo inapempha kuti pakhale lamulo loletsa phala kulenda m'kati mwa likulu, ndipo phala lophwanya lamuloli lizitengeredwa kupolisi. Nduna ya Zachitetezo inati yamva mphekesera zoti adani akufuna kugwiritsa ntchito ulusi wa phala kukola boma. Nduna ya Misewu ndi Maenje inati msewu wa kumsika si wabwino, mfumu ingagwedezeke, ndipo inalankhula ngati maenjewo anakumba ndi munthu wina.

A Nthondo anadikira mpaka onse atatopa, kenaka anatulutsa nzeru imene anagona nayo.

"Mwini dziko, bwanji tidye tinjere tosasinja, tokazinga, touma bwino? Tikhoza kumangobwira ngati chitowe. Pa chithunzi zingaoneke zaulemu kusiyana ndi akuluakulu a boma akulimbana ndi ulusi pachibwano."

Nduna zonse zinaomba m'manja mpaka m'manja kutentha. Koma mfumu inacheukira dokotala.

"Tosasinja sitithandiza, mwini dziko," anatero dokotala. "Khungu lake ndi lolimba. Timalowa, timayendayenda m'katimo, n'kutuluka momwe tinalowera, osasiya kanthu."

"Ngati nthumwi za ku msonkhano wa kunja," inatero mfumu, niseka mpaka mpando kugwedera. Nduna nazo zinaseka, poti mfumu ikaseka palibe wotsala, koma kuseka kwake kunali kwa m'mano mokha. "Tidya losinja, lolenda, lomwe akudya anthu anga. Bwalo latha."

Tsiku Lolawa msika wa Tinamvakale unadzaza mpaka ena kukwera pa madenga a mashopu. Boma linkaganiza kuti anthu abwera chifukwa chokonda omega. Zoona zake n'zakuti mkazi wa a Gwiritsitsa ankagulitsa tomato mumsika momwemo, ndipo panalibe ngakhale wogulitsa makala amene sankadziwa malo enieni amene nduna iliyonse inatemeredwa. Anthu anabwera ndi mipando yawo, ena ndi nzimbe.

Nasibeko ndiye anasankhidwa kuphika. Anavala chitenje chatsopano cha nkhope ya mfumu, ndipo tsiku limenelo dzanja lake linalemera pothira ufa wa fulakisi. Ena amati zinangochitika. Amene ankamudziwa sanena choncho.

Mbale zisanagawidwe Nduna ya Malamulo inaimirira nikonza tayi.

"Mwini dziko, mwaulemu waukulu, ife nduna zanu tagwirizana kusala kudya kuyambira lero, kupempherera mvula."

"Mvula mwezi uno?" anafuula munthu wina padenga. "Mukufuna chimanga chitiwolere m'nkhokwe?"

Mfumu inayang'ana nduna zake imodziimodzi, ikumwetulira ngati kholo limene lapeza ana ndi shuga kumilomo.

"Pempherani, ana anga, pemphero ndi labwino," inatero. "Koma a Nthondo sangasale. Mbewuyi ndi yawo."

A Nthondo anayang'ana anzawo aja, amene anapangana zosala popanda kuwauza. Onse anali atatseka maso, akupemphera mwamphamvu. Anayang'ana m'khamu naona Nachisale atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, osadziwika ngati akulira kapena akuseka. Nasibeko anafika, nagwada, naika mbale patsogolo pawo.

"Idyani, bwana, likadali lotentha," anatero mokweza kuti a padenga amve. "Supuni imafuna dzanja limodzi lokha. Linalo gwirirani mpando."

Msika wonse unaphulika. Koma chimene anthu amakumbukira mpaka lero n'chakuti a Nthondo anamveradi. Dzanja lamanzere linatsika mwakachetechete n'kugwira mpando zolimba. Lamanja linakweza supuni, ulusi ukutsatira pambuyo. Anatseka maso, nameza.

Anthu anadikira, a Nthondo nawo anadikira. Mpando sunasunthe. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti phalalo linali lokoma, lonunkhira bwino, mwakuti supuni yachiwiri inapita yokha osaituma. Amayi anayamba nthungululu. Mfumu, imene mpando inabadwa nawo ndipo sinkasowa mphini, inakokera mbale yake pafupi nidya mpaka kupempha ina, kwinaku nduna zosala zija zikumeza malovu maso ali chitsekere.

Magule atayamba mfumu inakodola a Nthondo kuti asendere pafupi, niwanong'oneza phokoso la ng'oma likuwaphimba.

"Gelevazio, ukuganiza kuti sindidziwa za ku Musanenekunja? Zaka zonsezi ndikafuna kuchotsa mmodzi wa inu, dzanja limandilemera. Kaya ndi mankhwala, kaya ndi ulesi wanga, sindidziwa. Koma lero ndikakuyang'ana iweyo, dzanja ndikulimva kupepuka."

"Mwini dziko, ndili ndi ana," anatero a Nthondo.

"Khala phee, sindikukuchotsa. Ndingataye bwanji nduna yokhayo imene ndingathe kuichotsa? Awa akupempherawa sandiopa, amaopa therere. Iwe tsopano uziopa ine. Mpando ndi wako ndithu, koma kuyambira mawa uziugwira ndi ntchito."

Mfumu inawasisita paphewa mwachikondi, nitembenukira kwa ovina.

A Nthondo anafika kunyumba ali ndwii. Nachisale anayesa kuwasangalatsa kuti mpando wapulumuka. Koma iwo anangofunsa ndi mawu apansipansi.

"Nachisale, nduna ikamagwira ntchito, imachita chiyani kwenikweni?"

"Kaya, bambo. Mwina imayamba ndi kupita ku ofesi."

M'mawa mwake anadzuka tambala akulira. Dalaivala wawo, amene sanazolowere nthawi zoterozo, sanapezeke, ndipo a Nthondo anakwera kabaza atavala malaya wamba, mendulo ataiiwala pa msomali. Wakabaza ndiye ankadziwa njira. Anawatsitsa pa geti la nyumba yaikulu yolembedwa kuti Unduna wa Zakudya ndi Kukhuta, ndipo a Nthondo anaima pang'ono kuiyang'ana, poti inali yokongola kuposa momwe ankaiganizira.

Pageti panali mlonda wachikulire, wa yunifolomu yosuluka koma yositidwa bwino. Anatambasula ndodo yake kutseka njira.

"Tikuthandizeni, bambo?"

"Ndikulowa mu ofesi ya nduna."

"Anduna kulibe."

"Nduna yake ndine."

Mlondayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zafumbi, nayang'ananso kabaza amene ankatembenuka pamsewu, kenaka anaseka mwaulemu.

"Bambo, ine ndinayamba ntchito pano tsitsi lili lakuda. Anduna sindinawaonepo ndi maso, koma ndikudziwa kuti sangabwere m'mawa chonchi, ndiponso sangabwere pa njinga. Ngati muli ndi dandaulo khalani apo ndi anzanuwo."

Pansi pa mtengo pafupi ndi geti panali benchi lalitali, losalala chifukwa chokhalidwa. Panali alimi a kumidzi yakutali, amayi ndi abambo, ena ndi timatumba ta fulakisi pamiyendo. Mayi wina wachikulire anasendera kuti awapatse malo.

"Khalani, achimwene, musaime, miyendo ingatupe. Ife tabwera kudzapempha zigayo zing'onozing'ono kumudzi. Ufa wa fulakisi sukhalitsa, umayamba fungo, ndiye timafuna tizigaya pang'onopang'ono pafupi, poti pamtondo tinjere timeneti timathawa munsi. Tinayamba kubwera nthawi yokolola. Nanga inu lanu ndi lotani?"

Manyazi anawagwira a Nthondo, manyazi amene sanawamvepo ngakhale dzulo pakati pa msika. Anakhala pansi pang'onopang'ono pakati pa mayiyo ndi bambo wina wa chipewa chong'ambika.

"Inenso ndikufuna kuonana ndi nduna yomweyo," anatero.

"Ndiye limbani mtima," anatero mayi uja, akuwagawira chitumbuwa cha m'kathumba kake. "Akuti ndi munthu wabwino, kungoti sadziwa kuti tili pano."